Ogulitsa makompyuta oziziritsidwa ndi madzi aziuza ogula zoona za kutentha kwa Tete

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo pa nkhani imene yayamba kudya ndalama za achinyamata ambiri kuno ku chigawo cha Tete, makamaka amene amagula makompyuta amphamvu a pa desiki pofuna kukonzera mavidiyo a maukwati, kujambula mapulani a nyumba, kusakaniza nyimbo m'masitudiyo kapena kusewera magemu. M'masitolo ena a mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, ngakhalenso pa masamba a malonda a pa Facebook, ogula akumauzidwa kuti popeza dera lathu ndi lotentha kwambiri, purosesa yamphamvu, kachipangizo kamene kali ngati ubongo wa kompyuta, singakhalitse pokhapokha itamaziziritsidwa ndi madzi. Mawuwa amamveka anzeru, ndipo munthu amene anakhalapo mumzinda wa Tete m'mwezi wa Okutobala kapena Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40 masana, savutika kuwakhulupirira. Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, ndipo chimene ndikufuna owerenga adziwe ndi ichi: madzi a mu kompyuta sazizira paokha. Amangonyamula kutentha kuchoka pa purosesa n'kukakusiya mu mpweya wa m'chipinda momwemo, kotero ngati mpweyawo uli wotentha komanso wafumbi, wogula amakhala atalipira zambiri pa chinthu chimene sichinakhudze gwero la vuto lake.

Chida chimene chikugulitsidwa kwambiri ndi chija chimabwera chotsekedwa kale kuchokera ku fakitale, chomwe amisiri timachitcha AIO. Chili ndi kambale ka kopa kamene kamagona pamwamba pa purosesa, pampu yaing'ono imene kawirikawiri imakhala pamwamba pa kambaleko, mapaipi awiri a labala, ndiponso radiyeta ya aluminiyamu imene imamangidwa kukhoma la bokosi la kompyuta pamodzi ndi mafani ake. M'kati mwa kambale ka kopa muli timizere tambirimbiri toonda kwambiri timene madzi amadutsamo akutola kutentha, kenako pampu imawakankhira ku radiyeta kumene mafani amawauzira mpweya, ndipo akatsika pang'ono amabwereranso. Madziwo si madzi wamba, chifukwa amasakanizidwa ndi glycol ndi mankhwala oletsa dzimbiri ndi ndere. Kukula kwa radiyeta kumadziwika ndi mafani amene amakwanapo: ya mamilimita 240 imatenga mafani awiri a mamilimita 120, ya mamilimita 360 imatenga atatu. Kampani ya ku Denmark yotchedwa Asetek ndiyo inatchukitsa kaikidwe ka pampu pamwamba pa kambale, ndipo zida zambiri zimene zinkagulitsidwa pa mayina a makampani ena, monga H50 ya Corsair imene inatuluka mu 2009, zinali zopangidwa ndi iyo.

Sindikutsutsa kuti madzi ndi abwino ponyamula kutentha. Lita imodzi ya madzi imafuna ma joule (muyeso wa mphamvu ya kutentha) pafupifupi 4,200 kuti itenthe ndi digiri imodzi yokha, pamene lita imodzi ya mpweya imafuna ongopitirira pang'ono joule imodzi, kutanthauza kuti madzi amasunga kutentha kochuluka kuwirikiza pafupifupi ka 3,500 poyerekeza ndi mpweya wodzaza malo ofanana. N'chifukwa chake makompyuta akuluakulu a IBM anayamba kuziziritsidwa ndi madzi kalekale m'zaka za m'ma 1960, ndipo n'chifukwa chakenso mapurosesa amakono amene amadya magetsi ambiri amapindula nawo. Core i9-13900K ya Intel imaloledwa kufika mawati 253 ikamagwira ntchito yolemetsa, ndipo Ryzen 9 7950X ya AMD imafika mawati 230. Kutentha konseko kumatuluka pa kachitsulo kamene kukula kwake sikufika n'komwe pa chikhatho cha mwana, ndipo kukuchotsa msanga pamalo aang'ono chonchi ndi ntchito imene madzi amaigwira bwino.

Chisokonezo chimabwera pamene anthu aganiza kuti madziwo amakhala ozizira nthawi zonse monga amachitira madzi a mumtsuko. Mtsuko umaziziritsa madzi chifukwa dongo lake limachucha thukuta, ndipo thukutalo likamauma ndi mphepo limapita ndi kutentha, n'chifukwa chake madzi a mumtsuko amatha kuzizira kuposa mpweya wa panja. Mu AIO mulibe chimene chimauma, pakuti zonse n'zotsekedwa. Radiyeta ingathe kupereka kutentha ku mpweya pokhapokha ngati madzi ali otentha kuposa mpweyawo, choncho madzi a mu kompyuta imene ikugwira ntchito nthawi zonse amakhala otentherapo kuposa chipinda. Chipinda chikakhala pa madigiri 40, madzi amayambira pa 40 n'kumakwera, ndipo palibe radiyeta, kaya ikhale yaikulu motani kapena yamtengo wotani, imene ingawatsitse kufika pa 30.

Apa ndi pamene ziwerengero za pa intaneti zimasocheretsa ogula athu. Amene amayesa zida zimenezi n'kujambula mavidiyo ku Ulaya ndi ku America amaziyesera m'zipinda zozizira za madigiri 21 kapena 22, ndipo oyesa osamala amalemba kusiyana kwa kutentha kwa purosesa ndi kwa chipinda, osati nambala ya purosesa yokha. Tiyerekeze kuti chida china chimasunga purosesa pa madigiri 55 pamwamba pa kutentha kwa chipinda. Kwa woyesa uja purosesa ikhala pa 77, ndipo aliyense achiyamikira chidacho. Chida chomwecho chikaikidwa m'chipinda cha malata ku Matundo kapena ku Chingodzi masana a Novembala, chipindacho chili pa madigiri 40, purosesa ifika pa 95, pomwe ndi pamalire pa mapurosesa ambiri a Ryzen 7000, ndipo a Intel malire awo ali pa 100. Ikafika pamenepo purosesa imadziteteza yokha pochepetsa liwiro, vidiyo imene imayenera kutha madzulo imatha usiku, ndipo mwini wake amabwera kwa ife akunena kuti anamugulitsa chida chabodza. Nthawi zambiri chidacho chimakhala chenicheni, koma palibe anamuuza kuti madigiri 18 amene chipinda chake chikuposa chipinda cha woyesa uja adzaonekera onse pa purosesa, kaya chozizitsiracho n'cha madzi kapena cha mpweya.

Pali kachitidwe kena m'masitolo kamene ndikufuna ogula akadziwe. Wogulitsa amayatsa kompyuta, amatsegula pulogalamu yoonetsa kutentha, amaipatsa ntchito yolemetsa kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako amaloza pa sikirini kuti onani, sikudutsa pa 70. Ena amachita zimenezi mosadziwa, koma zotsatira zake n'zimodzi. Mu AIO muli madzi osakwana theka la lita, ndipo m'mphindi zoyambazo madziwo ndi zitsulo za radiyeta zimakhala zikungomeza kutentha, sizinafike pamlingo umene zidzakhazikikepo. Nambala yoona imaoneka patapita mphindi 20 kapena 30 ntchito isanaime, bokosi litatsekedwa mbali zonse monga lidzakhalire kunyumba. Komanso sitolo zambiri za zipangizo zamagetsi zili ndi makina oziziritsa mpweya, pamene kunyumba kwa wogula kulibe. Kuonetsa munthu nambala ya mphindi ziwiri m'chipinda chozizira, n'kumulola anyamuke ndi katunduyo kupita ku chipinda cha malata, ndi kumudyera masuku pamutu.

Fumbi ndiye mdani wamkulu kuposa kutentha, ndipo pa ichi anthu a ku Moatize sakufunika kuuzidwa zambiri, poti fumbi la malasha amalipeza pa mawindo, pa mbale ndi pa zovala zoyanika. Radiyeta ili ndi timapepala ta aluminiyamu topindikapindika tothithikana kwambiri, ndipo mafani amakankha mpweya wonse wa m'chipinda kudutsa m'timipata timeneto. Fumbi silionekera panja, limabisala pakati pa mafani ndi radiyeta. Munthu akamasula zomangira zinayi za fani iliyonse n'kuichotsa, amapeza fumbi lagwirana n'kupanga chikhungwa chimene chimasendeka ndi zala, chakuda bii pa makompyuta ochokera kufupi ndi migodi, chofiirira pa ochokera m'mphepete mwa misewu ya dothi. Mafani amakhala akuzungulira mwamphamvu n'kumalira, magetsi ake okongola akuwala, chonsecho mpweya sukudutsa. Mwini kompyuta amaona ngati zonse zili bwino chifukwa galasi la pambali likuonetsa zoyera. M'nyengo ya chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, radiyeta ya m'dera lafumbi imafuna kupemereredwa pafupipafupi, ndipo popemerera ndi makina munthu agwire mapiko a fani ndi chala kuti asazungulire mopitirira muyezo n'kuwononga mabering'i. Bokosi lenilenilo lisakhale pansi pa simenti pamene tsache limadutsa m'mawa uliwonse, likhale pa tebulo, ndipo tisefa take ta kutsogolo ndi pansi tizitsukidwa.

Chozizitsira cha mpweya nachonso chimagwira fumbi, koma zitsulo zake n'zotalikirana, ndipo munthu amaliona fumbilo akangotsegula bokosi. Ambiri sadziwa kuti chozizitsira chachikulu cha mpweya nachonso chili ndi madzi m'kati. Timapaipi ta kopa tija timachoka pa purosesa kukwera m'zitsulo tili ndi timadzi tochepa tosindikizidwa mmenemo mpweya utachotsedwamo, kotero timawira pa kutentha kochepa, nthunzi imathamangira kumtunda kozizira, imasanduka madzi n'kubwerera yokha popanda pampu. Zozizitsira za nsanja ziwiri monga NH-D15 ya Noctua, kampani ya ku Austria, imene inatuluka mu 2014, kapena Peerless Assassin ya Thermalright imene ndi yotsika mtengo kwambiri, zimafanana mphamvu ndi ma AIO ambiri a mamilimita 240. Chinthu chokha chimene chingafe pa izo ndi fani, ndipo fani ya mamilimita 120 imapezeka mosavuta, ngakhale yochotsedwa mu kompyuta yakale. Ngakhale faniyo itaima, mulu wa zitsulo uja umapitiriza kumwaza kutentha pang'onopang'ono, ndipo munthu amapeza mpata wosunga ntchito yake.

Pampu ikafa zinthu sizikhala choncho. Madzi amaima, kambale ka kopa kamatentha m'kanthawi kochepa, purosesa imafika pamalire ndipo kompyuta imazima yokha. Pali njira yapafupi yodziwira vutoli popanda chida chilichonse: ikani chala pamwamba pa pampu mumve ngati ikunjenjemera pang'ono, kenako gwirani radiyeta. Ngati sikirini ikuonetsa madigiri 95 koma radiyeta ili yozizira, kapena paipi imodzi ikutentha pafupi ndi pampu pomwe inayo ili zii, ndiye kuti madzi sakuyenda. Mwina pampu yafa, mwina timizere ta m'kambale tatsekeka ndi zinyalala, mwina waya wa pampu sunalowetsedwe pamalo ake pa mathabodi, bolodi lalikulu limene zipangizo zonse za kompyuta zimalumikizidwapo. Pa AIO zambiri palibe chokonza, chifukwa sizinapangidwe kuti zizitsegulidwa, ndipo chida chonse chimatayidwa. Ngakhale pampu itakhala yamoyo, madzi amachepa pang'onopang'ono m'kupita kwa zaka chifukwa amaphwera kudzera m'khungu la mapaipi a labala, ndipo kuphwerako kumafulumira madzi akamakhala otentha tsiku ndi tsiku. Opanga ambiri salola kuti madzi a m'zida zawo apitirire madigiri 60, malire amene munthu wa ku Ulaya sawaganizira n'komwe, koma amene ife tingawayandikire ngati chipinda chili pa 40 ndipo radiyeta yatsekeka ndi fumbi.

Ogulitsa amayankha kuti zidazi zili ndi chitsimikizo cha zaka 3 mpaka 6, ndipo n'zoona kuti makampani odziwika amapereka zimenezo. Funso ndi lakuti chitsimikizocho munthu wa ku Tete akachitengera kuti. Katundu wambiri wa mtundu uwu amafika kuno kuchokera ku Maputo, mtunda woposa makilomita 1,500, kapena ku Johannesburg, kapena amabwera m'chikwama cha munthu amene wadutsa pa Zóbuè kuchokera ku Blantyre, ndipo wina amaitanitsa pa intaneti kuchokera ku China. Kubweza chida chakufa kumene chinachokera kumadya ndalama ndi masabata, ndipo nthawi yonseyo kompyuta ili chigonere, makasitomala a mavidiyo akuimba foni. Wogula AIO aliyense ndimamulangiza kuti asungenso kachozizitsira ka mpweya m'kabati, ngakhale kotchipa, koti n'kumuyendetsa masiku amenewo. Za ma AIO ogwiritsidwa kale ntchito, amene akugulitsidwa motchipa pa intaneti, ndinganene mwachidule kuti asagulidwe. Palibe amadziwa zaka zimene pampuyo yazungulira, ndipo chida chimene chikumveka khuchukhuchu chikagwedezedwa chataya kale madzi ambiri.

Kudontha kwa madzi, kumene anthu amakuopa kwambiri, sikuchitika kawirikawiri pa zida zatsopano za makampani odalirika, ngakhale kuti kukachitika kumagwera pa khadi la zithunzi limene lili pansi pake, ndipo khadilo nthawi zambiri ndilo chinthu chodula kuposa zonse m'bokosimo. Ngakhale kampani yaikulu ngati Apple inakumana nazo pa makompyuta ena a Power Mac G5 oziziritsidwa ndi madzi amene inayamba kugulitsa mu 2004, pamene ena mwa iwo anadzadontha patapita zaka. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri kuno ndi nzeru za pa msika zimene anthu amapatsana. Wina amaboola AIO n'kuthiramo madzi a pa mpopi kapena a m'botolo akumwa, osadziwa kuti madzi amenewo ali ndi mchere wa m'nthaka umene umaundana m'timizere tija, komanso kuti kopa ndi aluminiyamu zikakumana m'madzi opanda mankhwala oteteza, aluminiyamu imadyeka ndipo zinyenyeswa zake zimakatseka kambale. Wina amathiramo madzi obiriwira a mu radiyeta ya galimoto osasungunula, amene ndi olemera kwa pampu yaing'ono chonchi ndipo sanyamula kutentha mofanana ndi madzi. Amene amamanga yekha njira ya madzi, ndi thanki ndi mapaipi ake, ayenera kugwiritsa ntchito madzi otchezedwa kuchokera ku nthunzi pamodzi ndi mankhwala ake oyenera, asasakanize zitsulo ziwirizi, ndipo azisintha madziwo chaka ndi chaka. Imeneyo ndi ntchito ya munthu wokonda zimenezi ndipo ali ndi nthawi yake, si ya munthu amene kompyuta ndiyo imamudyetsa.

Enanso amaika mabotolo a ayezi kutsogolo kwa radiyeta kapena kuimiza m'beseni la madzi oundana. Nambala ya pa sikirini imatsikadi, koma chitsulo chikazizira kuposa mpweya wozungulira chimachita mame, makamaka m'miyezi ya mvula kuyambira Disembala mpaka Malichi pamene mpweya wa m'chigwa cha Zambezi umakhala wachinyezi, ndipo mame amenewo amadonthera pa mathabodi.

Njira imene imathandiza kwambiri m'nyengo yathu sigulidwa m'sitolo, ndipo mwina n'chifukwa chake sitchulidwa. Mapurosesa amakono amachoka ku fakitale atachunidwa kuti azithamanga mpaka pamapeto pa mphamvu zawo, koma liwiro lotsiriza lija limadya magetsi ochuluka kwambiri poyerekeza ndi phindu lake. Mu BIOS, pulogalamu yochunira zipangizo za kompyuta imene munthu amalowamo akangoiyatsa, muli malo oikira malire a mawati. Pa AMD pali Eco Mode imene imatsitsa purosesa ya mawati 170 kuti izigwira ntchito ngati ya 105 kapena ya 65, ndipo pa Intel munthu amasintha malire otchedwa PL1 ndi PL2. Purosesa ikatsitsidwa pang'ono chonchi, liwiro limene imataya ndi lochepa, kutentha kumatsika kwambiri, mafani amasiya kulira, ndipo m'chipinda chotentha imatha kumaliza ntchito mofanana ndi ija yosatsitsidwa imene ikungogunda pamalire n'kumadzibweza yokha. Pali phindu linanso limene limaonekera pa mita ya magetsi ya Credelec. Kutentha konse kumene kompyuta imatulutsa ndi magetsi amene mwini wake walipira. Purosesa yodya mawati 250 kwa maola 8 yadya mayunitsi 2 pa tsiku payokha, osawerengera khadi la zithunzi ndi sikirini, ndipo kutenthako kumatsala m'chipinda momwemo kumuwotcha mwini wake, chifukwa AIO sichotsa ngakhale wati imodzi, imangosamutsa.

Ndalama zimene munthu akanaonjezera pa AIO ya magetsi okongola n'kwabwino zitapita ku zinthu zitatu zimene zimanyozedwa: bokosi la kutsogolo kwa sefa m'malo mwa galasi lotseka mpweya, pawa sapulaya yabwino (chipangizo chogawa magetsi m'kati mwa kompyuta), ndi UPS (chipangizo cha batire chimene chimapitiriza kupereka magetsi akathima). Ngakhale damu la Cahora Bassa ku Songo lili m'chigawo chathu chomwe chino ndipo limatha kupanga mamegawati 2,075, magetsi a m'nyumba zathu amathimathima monga kwina kulikonse, makamaka nthawi ya mabingu, ndipo makompyuta ambiri amene amafika pa tebulo langa atafa amakhala ataphedwa ndi magetsi obwerera mwamphamvu. Purosesa yophedwa ndi kutentha ndi yosowa, poti imadziwa kudziteteza.

Ndikumbutsenso za vuto limene linamveka kwambiri mu 2024 pa mapurosesa ena a Intel a m'badwo wa 13 ndi 14, amene ankachititsa kompyuta kuima kapena kutseka mapulogalamu mwadzidzidzi. Kampaniyo inavomereza kuti gwero lake linali mphamvu ya magetsi yokwera mopitirira imene purosesa inkadzipemphera, inatulutsa zosintha za BIOS, ndipo inaonjezera chitsimikizo ndi zaka 2. Ndikutchula izi chifukwa kuno zizindikiro zomwezo zimangonamiziridwa dzuwa la Tete, ndipo munthu amatumizidwa kukagula radiyeta yaikulu, pamene chofunika ndi kukonza BIOS, kapena kubweza purosesayo ngati inawonongeka kale. Msiri woona ayambe waona chimene chikuchitika asanatchule chogula.

Alipo amene AIO imawayenera, ndipo sindikufuna kumveka ngati ndikuikaniratu. Ofesi ya akatswiri oyeza malo kapena a za migodi imene ili ndi makina oziziritsa mpweya, mawindo otseka, ndi purosesa yodutsa mawati 200 imene imagwira ntchito yolemetsa maola ambiri, idzapindula ndi radiyeta ya mamilimita 360, chifukwa pa mlingo umenewo chozizitsira cha mpweya chimayamba kulephera. Chimodzimodzi situdiyo yaikulu ya mavidiyo imene ili ndi munthu woyang'anira zipangizo zake. Koma wophunzira wa ku Instituto Superior Politécnico de Tete amene akufuna kompyuta yojambulira mapulani, kapena mnyamata wosewera magemu pa Ryzen 5 7600 ya mawati 65 kapena Core i5-12400, alibe chifukwa chogulira madzi, pakuti chozizitsira cha nsanja imodzi chimamukwanira ndi kutsala. Kwa abale athu a kumtunda, ku Ulongwe, ku Dómuè ndi ku Tsangano, kumene anthu amavala majuzi mu Juni ndi Julayi, nkhaniyi ndi yopepukirapo, chifukwa mpweya wa kumapiri kumeneko wawachitira kale theka la ntchito imene ife a m'chigwa timaivutikira.

Amene wasankha kugula ndithu aonetsetse kuti yaikidwa bwino, chifukwa zolakwika zambiri zimachitika tsiku loyamba lomwelo. Mu AIO iliyonse muli kampweya pang'ono, ndipo kampweyako kamakwera kukakhala pamalo okwera kuposa onse. Ngati pampu ndiyo ili pamwamba kuposa radiyeta, mpweyawo umakhala mu pampu, imene imayamba kulira ndi kutha msanga chifukwa madzi omwewo ndiwo amaifewetsa. Radiyeta ikhale kudenga la bokosi, kapena kutsogolo koma nsonga yake itapitirira pampu, makamaka mapaipi atayang'ana pansi. Pansi pa kambale ka kopa pamakhala kapulasitiki koonekera koteteza, ndipo kakaiwalika pamenepo purosesa imafika pa 100 Windows isanamalize n'kutseguka komwe. Mankhwala opaka pakati pa purosesa ndi kambale, aja timati pasta térmica, akhale okwanira kuphimba pamwamba ponse akafinyidwa, ndipo zomangira zinayi zimangidwe mopingasa, pang'onopang'ono, kuti kambale kagone mofanana mbali zonse. Pampu ilumikizidwe pamalo olembedwa AIO_PUMP ngati alipo, kapena pamalo amene buku la chidacho lanena, ndipo mu BIOS aichune kuti isamatsike liwiro mpaka kuima.

Pempho langa kwa ogulitsa a mumzinda wa Tete ndi Moatize ndi lakuti asanagulitse chida chimenechi azimufunsa wogula mafunso atatu: purosesa yake ndi iti, chipinda chake chili ndi makina oziziritsa mpweya kapena ayi, ndipo ndani azidzayeretsa radiyeta. Akamaonetsa kutentha m'sitolo, aziisiya kompyuta igwire ntchito yolemetsa kwa mphindi 30 bokosi lili chitsekere, n'kumuuza wogula kutentha kwa sitoloyo kuti akathe kuwerengera yekha za kunyumba kwake. Pa lisiti azilembapo kumene chidacho chidzabwezedwe pampu ikafa, ndiponso amene adzalipire ulendo wake. Kwa inu akonzi, ndikupempha kuti pamene mukulemba za zipangizo zamakono muzifunsako amisiri a m'madera otentha ngati lathu lino, kuti ziwerengero zimene owerenga anu akupatsidwa zikhale zoyezedwa m'zipinda zofanana ndi zimene iwo amakhalamo.

Ndine wowerenga wanu,
Wokonza makompyuta, ku Moatize